Tifunseni: foni ikuti 878, intaneti ikuti 1018, akunama ndani?

Mwezi uno kaya munachita kupangana kaya, mafunso ambiri amene afika pa WhatsApp ya magazini ndi a nkhani imodzi, pulesha ya mpweya. Ndasankhapo asanu. Mayi a ku Mchinji amene munafunsa ngati linthumbu likasamuka ndiye kuti mvula yayandikira, sindinakuiwaleni, lanulo mwezi wamawa. Mafunso ndawasiya mmene munawalembera, ndangodulako moni wautali uja.

FUNSO: Ankolo, ine ndimakonza mafoni pamsika ku Lumbadzi. Kasitomala wina anasiya Samsung kuti ndisinthe sikilini, nditamaliza ndimayesa masensa onse ngati akugwira nde ndinapeza kuti ili ndi barometer, inalemba 878 hPa. Koma apu ya zanyengo mu foni yomweyo ikuti Lilongwe 1018. Nditafufuza pa Google ndaona kuti namondwe woopsa kwambiri padziko lonse anafika 870 basi. Nde kapena sensa ndinaipsereza pomata sikilini, kapena tili mkati mwa namondwe osadziwa? Kunjaku kuli dzuwa phwee. Wokonza mafoni, Lumbadzi.

YANKHO: Achimwene, mtima pansi, sensa simunaipsereze ndipo namondwe kulibe, m'bwezereni mwiniwake foni yake mulandire zanu. Barometer ndi chipangizo choyezera pulesha ya mpweya, hPa ndi muyezo wake. Manambala awiriwo onse ndi oona, kungoti 878 ndi yoyezedwa pamene 1018 ndi yowerengetsera.

Mpweya umalemera, tiyambire pamenepo. Munthu ataima pagombe ku Beira, pa chikhadabo cha chala chake chachikulu pokha pamakhala patatsamiridwa ndi mpweya wolemera kuposa kilo imodzi, ndipo mpweya umenewo ndi wonse umene uli pamwamba pa mutu wake mpaka kumwamba uko kumene umathera. Ganizirani matumba a chimanga atasanjikizidwa mu shedi, thumba la pansi ndi limene limaona zakuda chifukwa lasenza anzake onse, la pakati lasenza theka, la pamwamba likungopuma. A ku Beira ali pa thumba la pansi, barometer yawo imasewera cha m'ma 1013, nambala imene dziko lonse linagwirizana kuti ndiyo ya pakatikati pa mulingo wa nyanja yamchere. Inu ku Lumbadzi muli moyandikana ndi bwalo la ndege la Kamuzu lomwe lili mamita pafupifupi 1,230 pamwamba pa nyanja imeneyo, matumba ambiri ali kunsi kwanu simunawasenze, amene mwasenza ndi 878 imene foni yakuuzaniyo.

Izi mutha kuziona ndi maso osafuna foni. Ine ndinazichitapo ndi botolo la pulasitiki la madzi lopanda kanthu, ndinalitseka zolimba mu depoti ku Blantyre n'kuliika pamiyendo mu minibasi ya ku Chikwawa, titayamba kutsika makhotolo aja makutu anayamba kutseka monga amachitira, pofika pa Thabwa botolo linali litaphwaphwatika m'mbali ngati wina walifinya, mayi amene ndinakhala nawo pafupi anachita kusendeza katundu wawo kuganiza kuti ndi iwo alipsinja. Palibe analikhudza, ndi mpweya wa kuchigwa umene uli wolemera kuposa umene ndinatsekeramo kumtunda. Mukachita mobwerera, kugula paketi ya makirisipi pa Golomoti n'kukwera Khwekhwerere, mukafika ku Dedza itafufuma ngati pilo. Azungu anazitsimikiza kalekale, Evangelista Torricelli wa ku Italy anapanga barometer yoyamba mu 1643, chubu chagalasi chodzaza mercury, chitsulo chamadzimadzi, chozondotsedwa m'kambale, ndipo mu Sepitembala 1648 Blaise Pascal wa ku France anafuna kuona ngati mercury ingatsike munthu akakwera phiri. Ntchito yokwerayo anampatsa mlamu wake Florin Périer, mmene timachitira tonse tikakhala ndi katundu wolemera, mlamuyo anakwera Puy de Dôme ndipo mercury inatsikadi ndi masentimita pafupifupi 8.

Tsono vuto la a zanyengo ndi ili. Iwo chimene akufuna kudziwa ndi chakuti lero mpweya waunjikana kuti ndipo wachepa kuti, chifukwa mphepo imachoka kumene waunjikana kulowera kumene wachepa, mvula ndi mitambo zimatsatira zomwezo. Kusiyana kumene amakusaka kuno kwathu ndi kochepa zedi, 2, 3, mwina 5 pakati pa Karonga ndi Nsanje. Koma atalemba pa mapu manambala osakonza, Nsanje ingakhale pamwamba pa 1000, Chileka cha m'ma 925, inu 878, pa Sapitwa cha m'ma 700, mapu amenewo angakhale ongoonetsa mapiri ndi zigwa basi, tsiku lililonse chimodzimodzi, ka 3 kaja kamira osaoneka. Zili ngati kuyeza msinkhu wa ana wina ataima pa chulu wina m'dzenje. Nde amayamba awatsitsira onse pa bwalo limodzi. Amayerekeza kuti pa sitesheni iliyonse akumba chitsime mpaka kufika pa mulingo wa nyanja yamchere, chitsimecho chadzaza mpweya, n'kuwerengetsa kuti mpweya wa m'chitsimemo ungalemere bwanji, n'kuphatikiza pa nambala imene ayeza. Chitsime cha ku Lumbadzi chimalemera pafupifupi 140. Phatikizani 878 ndi 140 muone.

Za 870 munawerengazo ndi zoona, anali namondwe wotchedwa Tip, pa 12 Okutobala 1979 pa nyanja ya Pacific, ndipo mpaka pano palibe wamuposa. Koma 870 yakeyo inali ya pamadzi penipeni pamene pamayenera kukhala 1013, kutanthauza kuti mpweya unachepa ndi 140 ndi kena, pamene yanu ndi ya masiku onse ya kwanuko. Mukafuna kutsimikiza sensa ya kasitomala wina aliyense, lembani pa Google kuti METAR FWKI, amenewo ndi malipoti a nyengo a pa bwalo la ndege la Kamuzu, mupeza mzere wa zilembo zooneka ngati zopanda mutu koma penapake pali Q yotsatana ndi manambala anayi, monga Q1018. Chotsani 140, ikayandikana ndi ya foni kusiyana 2 kapena 3 sensa ili bwinobwino, poti pamsika panu ndi pa bwalo la ndege sipofanana ndendende kutalika.

FUNSO: Bambo a Tifunseni, ndili ndi boti la injini ndi chilimila kuno ku Nkhotakota. Mwana wanga wa ku Cape Town ananditumizira wotchi ya Casio yoyeza mpweya, akuti izindithandiza za mwera. Kapepala kake kakuti pa mulingo wa nyanja iziwerenga 1013. Ine ndaima pa nyanja penipeni mapazi ali m'madzi ikuti 960. Anamugulitsa yabodza? Mwini boti, Nkhotakota.

YANKHO: Bambo, wotchiyo ndi yeniyeni, chimene chakusokonezani ndi chinenero chathu chomwechi. Ife tikati nyanja timanena ya Malawi, ya Chilwa, ya Malombe, ya ku Beira, zonse dzina limodzi, koma kapepalako kakunena nyanja yamchere yokha. Nyanja yathuyi madzi ake ali mamita pafupifupi 474 pamwamba pa yamchere, n'chifukwa chake Shire amatha kutuluka pa Mangochi n'kumatsetsereka mpaka ku Zambezi, ndipo magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira ndi ndalama ya kutsetsereka komweko, pakati pa Matope ndi Chikwawa pokha madzi amagwa mamita oposa 300. Chodabwitsa china n'chakuti kumpoto uko nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, nde pansi pake penipeni pali kunsi kwa mulingo wa nyanja yamchere ndi mamita oposa 200, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Chitsime chanu cha mamita 474 chimalemera cha m'ma 54, nde 960 yanuyo ndi 1014 pa chilankhulo cha a zanyengo. Koma kunena zoona inuyo kuphatikizako simukufunikira kwenikweni. Boti lanu silikwera phiri, lero mawa mkuja lili pa mulingo womwewo, nde chofunika kwa inu si kukula kwa nambala ayi koma kuti ikulowera kuti. Pezani kope, muzilemba nambala m'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi, malo amodzimodzi, tinene 8 koloko pa doko, osati lero pa doko mawa kunyumba kumtunda chifukwa kungokwera mamita 9 nambala yatsika kale ndi 1 nyengo isanasinthe chilichonse.

Ndipo chenjerani ndi zimene timabuku ta mawotchi timanena, kuti nambala ikakwera kunja kuchita bwino ikatsika kubwera chimphepo. Zimenezo analembera a ku Ulaya. Mwera wathu nthawi zambiri umabwera nambala ikukwera, chifukwa chimene chimauyambitsa ndi mpweya wozizira wolemera umene umadutsa kummwera kwa South Africa n'kuyamba kukankha kulowera kuno kudzera ku Mozambique, ukapeza chigwa cha nyanja chotalika chopanda chotchinga umangothamanga mmenemo kulowera kumpoto. Ndi mpweya womwewo umene ku Thyolo ndi ku Mulanje amautcha chiperoni ukabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza. Nde miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti mukaona kuti dzulo 8 koloko inali 960 lero nthawi yomweyo ili 963 kapena 964, anyamata asapite kutali, ndipo mutsegule wailesi mumve chenjezo la a nthambi ya zanyengo chifukwa iwo akuona mapu onse pamene inu mukuona kadontho kamodzi ka pa mkono.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina yoyendera ku Dedza. Bungwe lina linatipatsa kasitesheni ka zanyengo ka sola, pa sikilini pali ABS ndi REL zonse zikulemba 841. Manotsi amene ndinaphunzira nawo amati onjezani 1 hPa pa mamita 8 alionse. Sukulu yathu ili mamita pafupifupi 1,600, ndinawerengetsa pa bolodi n'kupeza 1041, mwana wina wa fomu 3 anaimika mkono kuti sala pa foni yanga akuti 1016. Ndinangoti tidzapitiriza mawa. Ndithandizeni mawalo lisanafike. Mphunzitsi, Dedza.

YANKHO: Aphunzitsi, mwanayo musamuone ndi diso loipa, ameneyo ndiye woti muzimupatsa makiyi a kasitesheni. ABS ndi nambala yoyezedwa pamalopo, REL ndi yotsitsidwira pa mulingo wa nyanja yamchere. Lamulo la mamita 8 si labodza koma ndi la anthu okhala mmunsi, limagwira bwino ngati muli mamita 100 kapena 200 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya si madzi, umafinyika, wa pansi ndi wothinana wa pamwamba ndi womasuka, nde pagombe mamita 8 amakupatsani 1 koma kwanu ku Dedza pamafunika mamita pafupifupi 10 kuti mupeze 1 yemweyo. Mukagwiritsa 8 chitsime chonse kuyambira pansi mpaka pamwamba mwachilemeretsa mopitirira, n'chifukwa mwatulukira ku 1041.

Njira yake yeniyeni si yovuta, kalikuleta ya masamu ya ana a fomu 3 ikwanitsa bola ikhale ndi batani la e. Muyamba kupeza kutentha kwa mpweya wa m'chitsime chongoyerekeza chija. Tinene m'mawa kunja kuli madigiri 12, muphatikize 273 kuti akhale a Kelvin, 285. Kunsi kumatentha kuposa kumtunda, amawerengera madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse, nde pansi pa chitsime cha mamita 1,600 pangakhale potentha ndi madigiri 10 kuposa pa sukulu, pakati pake 5, nde 285 ndi 5 ndi 290. Chulukitsani 290 ndi 29.3, nambala imeneyi siisintha, imachokera ku mphamvu yokoka ya dziko ndi chibadwa cha mpweya, mupeza 8,497. Gawani 1,600 ndi 8,497, mupeza 0.188. Dinani e kukweza ku 0.188, ikupatsani 1.207. Chulukitsani 841 ndi 1.207, yankho 1015. Mwana uja ndi 1016 yake ali pompo.

Koma musatseke kalikuleta, pali china chimene ine chimandisangalatsa kuposa yankholo. Bwerezani samu yomweyo masana kukatentha madigiri 25, ABS ikadali 841 yomweyo. 273 ndi 25 ndi 5 ndi 303, kuchulukitsa ndi 29.3 ndi 8,878, kugawa mupeza 0.180, e ikupatsani 1.197, yankho 1007. Mwaona? Barometer sinasunthe olo pang'ono koma nambala ya pa mulingo wa nyanja yatsika ndi 8, chifukwa choti mpweya wotentha ndi wopepuka nde chitsime chanu chongoganiziracho chapepuka nacho. 8 kuno kwathu ndi nambala yaikulu, yoposa kusiyana kwa tsiku la dzuwa ndi tsiku la mvula, ndipo yachokera mu mpweya umene kulibe, pansi pa sukulu yanu pali miyala ya phiri la Dedza osati mpweya. Chitsime chikatalika bodza lakenso limakula. A zanyengo amazidziwa zimenezi, ku America amatenga kutentha kwa panopa ndi kwa maola 12 apitawo n'kupeza pakati pake kuti usiku ndi usana zisamakokere nambala uku ndi uku, ndipo malamulo a bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO amalola masitesheni a pamwamba kwambiri kusiyiratu za nyanjazo, m'malo mwake amanena kuti pulesha ya 850 ikupezeka pa mamita angati, poti 850 imakhala cha m'ma mamita 1,500, pafupi ndi pamene iwo ali, nde chitsime chake ndi chachifupi.

Oyendetsa ndege ali ndi njira yawonso. Iwo nambala yoyezedwa pa bwalo amaitcha QFE, ndiyo ABS yanuyo. Imene tawerengetsa ndi kutentha kwenikweni kwa tsikulo ndi QFF, ya pa mapu a zanyengo. Koma imene payiloti amapatsidwa akamatera ndi QNH, yomwe siisamala kuti lero kwatentha kapena kwazizira, imagwiritsa mpweya wa m'buku umene anagwirizana kuti pa nyanja ndi madigiri 15, cholinga chake n'choti kachipangizo koonetsa kutalika kwa ndege, komwe nakonso ndi barometer chabe yolembedwa mafiti, kakaonetse mamita 779 a Chileka matayala akagunda pansi pa Chileka. Akalakwitsa ndi 10, ndege ili mamita 80 ndi kena kusiyana ndi pamene iye akuganiza. Ana akadzaona kuti apu ina ikuti 1016 ina 1021 tsiku lomwelo, nthawi zambiri nkhani yake ndi imeneyi, wina watenga QFF wina QNH.

Tsono kasitesheni kanu. REL ikufanana ndi ABS chifukwa palibe anaikonza chichokereni m'katoni, timasitesheni tambiri totere sitichita samu tachita ija, timangophatikiza nambala imodzi imene mwatiuza. Sankhani tsiku la bata lopanda chimphepo, cha m'ma 9 kapena 10 m'mawa, onani Q ya pa METAR FWKI monga ndawauzira achimwene a ku Lumbadzi, lowani mu setingi musinthe REL ifanane nayo, basi osadzaigwiranso pokhapokha mutasamutsa kasitesheniko. Lilongwe ndi kutali pang'ono inde koma tsiku la bata kusiyana kwake n'kochepa. Za kutalika kwa sukulu musadalire GPS ya foni kamodzi kokha, imatha kuphonya ndi mamita 10 kapena 20, ndipo mamita 10 ndi 1 hPa yathunthu, mapu a Survey a 1:50,000 aja amene amagona mu kabati ya jogalafe ndi okhulupirika kuposa foni, mungoona ngati mizere yake ili mu mafiti kapena mamita. M'kope la ana muzilembetsa ABS ndi kutentha, REL ikhale ya pambali, chifukwa ABS ndi imene mwayezadi ndipo samu mutha kudzaibwereza chaka chilichonse.

FUNSO: Ine ndinali ku Chilobwe nthawi ya Freddy, nyumba yathu inapita koma tonse tinapulumuka. Mchimwene wanga akuti tikanakhala ndi barometer tikanadziwiratu. Panopa ndili ndi apu yake, koma masana aliwonse nambala imatsika nde mtima umagunda, ndimalephera kugona. Mlongo wanu, Blantyre.

YANKHO: Pepani achemwali, ndipo tithokoze kuti muli moyo. Kutsika kwa masana kumene mukukuonako si namondwe, ndi kupuma kwa mpweya kwa tsiku ndi tsiku. M'maiko otentha ngati lathu barometer imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku ngati wotchi, imafika pamwamba cha m'ma 10 m'mawa ndi 10 usiku, pansi cha m'ma 4 masana ndi 4 mbandakucha, chifukwa cha mmene dzuwa limatenthetsera mpweya wa kumwamba likamazungulira. Kuchoka 10 m'mawa kufika 4 masana kutsika ndi 3 kapena 4 ndi zamasiku onse, olo mu Julaye kopanda ndi kamtambo komwe. Nde osayerekeza m'mawa ndi masana, muziyerekeza 4 koloko ya lero ndi 4 koloko ya dzulo. Oyendetsa sitima za pa nyanja yamchere amaphunzitsidwa kuti akachotsa kupuma kumeneku n'kupeza kuti nambala ili pansi ndi 3 kuyerekeza ndi ya nyengo imeneyo akhale tcheru, ikafika 5 namondwe ali pafupi.

Za mchimwene wanuzo, ine sindikugwirizana nawo kwenikweni. Freddy anatera kachiwiri ku Mozambique pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023, atayenda pa nyanja ya India kuchokera kufupi ndi Australia, ndipo WMO inadzalengeza kuti pa masiku 36 ndiye namondwe wokhalitsa kuposa onse olembedwa. Koma namondwe akalowa kumtunda mphamvu ya mphepo imayamba kutha ndipo pulesha ya pakati pake imayamba kukwera, chimene chinagumula phiri la Soche ndi midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu ndi mvula imene inagwa masiku angapo osalekeza pa nthaka yokhuta kale. Barometer ya m'nyumba ikanaonetsa kutsika pang'onopang'ono, inde, koma sikanakuuzani kuti kugwa madzi ochuluka bwanji kapena kuti phiri ligumukira mbali iti. Amene anamuona akubwera masiku angapo asanafike ndi a Météo-France pa chilumba cha La Réunion, omwe ndi amene amalondola anamondwe a dera lino la nyanja ya India, pamodzi ndi a zanyengo athu ku Blantyre, pogwiritsa ma satellite ndi manambala a masitesheni ambirimbiri otsitsidwira pa mulingo umodzi aja. Ngati apuyo ikukusowetsani tulo ichotseni, musiye wailesi ndi mauthenga a zanyengo, ndipo za kugunda kwa mtimazo mukambe ndi a chipatala chifukwa ambiri amene anaona zimene munaonazo akuvutika chimodzimodzi.

FUNSO: Agogo anga aamuna anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, bwana wawo pochoka anawasiyira chinthu chozungulira ngati wotchi ya pakhoma, chathabwa, cholembedwa Stormy, Rain, Change, Fair, Very Dry. Chili kwathu ku Bangwe, chibadwireni ine muvi wake uli kunsi kwa Stormy sunasunthepo. Ndichitaye? Mdzukulu, Bangwe.

YANKHO: Iii osataya mdzukulu. Imeneyo ndi barometer yopanda mercury, mtundu umene Lucien Vidi wa ku France anayambitsa cha m'ma 1844, mkati mwake muli kachitini kopyapyala kochotsedwa mpweya kamene kamabanika pulesha ikakwera n'kufufuma ikatsika, ndipo timawaya ndi kasipuling'i timapititsa kusuntha kumeneko ku muvi. Zambiri zotere manambala ake amayambira pa 28 kulekeza 31, amenewo ndi mainchesi a mercury, kapena cha m'ma 950 mpaka 1050, chifukwa anapangira nyumba za ku Britain zomwe zambiri zili mmunsi. Ku Bangwe muli pamwamba kuposa mamita 1,000, mpweya wake sufika ndi 900 yomwe, nde muviwo unatsamira kumapeto kufuna kupitirira koma palibe kopita. Kwa muviwo zaka zonsezi kunja kuli chimkuntho.

Chitembenuzeni, kumbuyo mupeza kabowo kakang'ono mkati mwake muli kasikuluwu. Kameneko ndiko kotsitsira chitsime, mukakapotoza pang'onopang'ono ndi sikuludiraiva yaing'ono muvi uyamba kuyenda, muufikitse pa nambala ya Q ya pa METAR FWCL, ya ku Chileka, ngati chili cha mainchesi 1016 ndi 30 ndendende. Koma ndikuuzirenitu, zambiri sizinapangidwe kuti zikonzedwe mpaka mamita 1,000, nde kasikuluwu kakayamba kulimba muvi usanafike lekani pompo, mukakakamiza muthyola kasipuling'i ndipo wokonza zimenezi simumupeza mu Limbe. Olo muvi utangochokako pa khoma n'kuima pa Rain zakwana, mawu achizunguwo musawawerengere, muziona kusuntha basi. Pagalasi pali kachitsulo kozungulira kamene kamayendetsa muvi wachiwiri, wagolide, umenewo ndi wa dzanja, mumauika pamwamba pa wakudawo m'mawa kuti mawa lake nthawi yomweyo muone ngati wakudawo wapita kumanja kapena kumanzere. Musanawerenge gogodani galasi kamodzi ndi chikhadabo, mopepuka, timawaya takale timakonda kumatirira.

Mukafuna kudziwa ngati chikadali chamoyo musanachigwire n'komwe, chiikeni mu jumbo yoonekera yopanda chibowo, mumange kukamwa mpweya uli momo ngati chibaluni, kenako mufinye jumboyo mukuyang'ana muvi. Kapena tsiku lina mukamapita ku Chikwawa muchinyamule pamiyendo, pofika pa mlatho wa Kamuzu muvi ukhala utachoka pa Stormy wokha.